Kaseti ya achimwene inkatentha

Achimwene atadwala sitiroko anabwerera kwathu, monga amachitira mwamuna aliyense kuno mphamvu zikamuthera kuchikamwini. Alamu anayesetsa, sindiwanena, koma anali ndi ana aang'ono ndi munda, ndipo munthu wamkulu wofunika kumunyamula popita kuseri si katundu wa mkazi mmodzi. Ndiye anabwera kwa ine mlongo wawo, m'nyumba imene anatisiyira mayi kumtunda kwa Mbombwe. Munthu amene ankapalasa kabaza mpaka ku Mikolongwe atakweza mayi ndi thumba la chimanga anafika atagonekedwa kumbuyo kwa galimoto ya eni ake, mkono wamanja uli lende, pakamwa patapotoka.

Kuchipatala anatiuza kuti mwendo udzabwerera pang'onopang'ono, koma dzanja likufuna ntchito tsiku ndi tsiku, apo ayi zala zidzapindika osatambasukanso. Anatipatsa kampira kofinya. Achimwene anakafinya masiku ochepa, kenako anakaponyera galu. Tinayesa kusankha nyemba, kumanga mabatani a malaya, kuswa mtedza, zonsezo ankati n'zowanyoza. Chimene anavomera n'chimodzi chokha, kagemu ka m'manja kamene anagulira ana awo kalekale pa kaunjika wa zidole ku Limbe, anawo n'kukataya atangolawa magemu a pa foni.

Kanali kotuwa, kokula ngati chidutswa cha sopo wochapira, mabatani ake olimba, ofuna kukanikiza ndi mtima wonse. Kumbuyo kwake kumalowa kaseti yaing'ono, ndipo m'kasetimo ndi mmene mumakhala gemu yeniyeniyo. Ya achimwene inali ya kamunthu koyenda m'nkhalango ndi m'mapanga kufunafuna makiyi. Chala chachikulu chamanzere n'chimene chimayendetsa kamunthuko, koma kudumpha ndi kumenya ndi ntchito ya chamanja. Ndiye dzanja lakufalo linalibe kothawira. Poyamba ankakanikiza ndi chibakera chonse, akutukwana mawu osamveka. Itapita miyezi chala chinayamba kudziyendera chokha. Chaka chisanathe anayamba kugwira supuni, ndipo tsiku lina ndinawapeza akudzimangira okha lamba, atandifulatira kuti ndisaone mmene akuvutikira.

Ine ntchito yanga ndi yotchaja mafoni ndi kubena nyimbo pa kashopu kanga pamsika. Ndili ndi sola padenga, batire la galimoto pansi pa tebulo, inveta yolira ngati njuchi, ndi laputopu yakale imene batire lake linafa, moti magetsi akangophethira nayo imazima. M'mawa ndinkawasambitsa achimwene, kuwakhazika pakhonde ndi kagemu kawo, ine n'kupita kukasaka ya ndiwo. Madzulo ankandiuza pomwe afika. Kulankhula kunkawavuta, mawu ankatuluka amodziamodzi, koma za phanga la madzi ndi chilombo cha mitu iwiri ankafotokoza mpaka ine kusinza. Ndinene zoona, zinkanditopetsa. Komabe pa zonse za pakhomo pathu, ndi nkhani yokhayo imene inalibe matenda mkati.

Chakumayambiriro kwa nyengo yozizira kaseti ija inayamba misala. Kamunthu kankangouma pakati pa njira, pagalasi n'kudzaza timizeremizere. Achimwene ankaizula, kuiuzira mpweya, kuibwezera, n'kuyambiranso. Kenako zinayamba kuchitika pafupipafupi. Tsiku lina ndinapeza kagemu kali pabwalo pafupi ndi khola la nkhuku, eni ake atayang'ana kukhoma, chakudya chamasana osachikhudza.

Ndinamuimbira msuweni wathu amene amakonza mafoni ku Joni. Anandiuza kuti ndijambule kasetiyo mbali zonse, ndipo ataona zithunzi anaseka. Anati si yeniyeni, ndi zija amapanga masiku ano motengera zakale, kunja kokongola koma mkati zotchipa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Anati ikufa, ndipo nthawi iliyonse imene ayiyatsa ikuyandikira kumanda. Ndinamufunsa ngati sangangogula ina ya gemu yomweyo. Anati angathe, koma achimwene adzayambira pachiyambi penipeni, chifukwa makaseti abodzawa amasunga pomwe munthu wafika mkati mwa gemu momwemo. Njira inali imodzi, kukopera zonse za m'kasetimo pa laputopu isanafe, kenako n'kuzithira m'kaseti ina yopanda kanthu.

Ndinawafunsa achimwene ngati angalole kuyambiranso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, diso limodzi likutuluka misozi monga linkachitira chidwalireni.

"Ndayambiranso kale zambiri," anatero.

Sindinawafunsenso. Ndinatenga kaseti ija n'kukaisunga kushopu m'kachitini ka mafuta odzola, kuwalonjeza kuti ibwera posachedwa.

Katundu wa msuweni anafika ndi anyamata obweretsa katundu wa ku Joni. Munali kabokosi kakang'ono kokhala ndi kamwa yolowetsamo kaseti, waya wautali woonda wolumikizira ku laputopu, ndi kaseti yatsopano yopanda kanthu. Pambali pa kabokosiko panali kaswichi, mbali ina palembedwa 5, mbali ina 3.3. Msuweni anandifotokozera pa uthenga wamawu kuti manambalawo ndi mphamvu ya magetsi imene kabokosi kamapatsa kaseti, ndipo makaseti a mtundu wa achimwenewa amadya faifi. Anati ndikakopera, ndikoperenso kachiwiri, ndipo pulogalamu indiuza ngati makope awiriwo afanana. Akafanana, ndiye kuti ntchito yatheka. Iye ankayankhula ngati ndi ntchito yoti munthu angaichite akudikira madzi kuwira.

Ulendo woyamba kamzere kobiriwira kanayenda bwinobwino pagalasi mpaka kutsala pang'ono, kenako kanaima. Wachiwiri kanafika kumapeto, mtima wanga n'kukhala pansi. Nditabwereza, pulogalamu inati makope sakufanana. Ndinabwerezanso, linatuluka kope lachitatu losiyana ndi anzake onse. Kaseti imodzi, koma nkhani zake zosiyanasiyana ngati mboni yogulidwa.

Apa m'pamene chiperoni chinatsika. Amene anakhalako ku Chiradzulu akudziwa mmene phiri limasowera m'nkhungu, kamvula kosaleka kakuwaza, zovala osauma pachingwe. Sola inkangokhala padenga ngati lata wamba. Pofika masana batire linkakhala litafooka, inveta n'kuyamba kulira, laputopu n'kuzima kamzere kali pakati. Ndiye ndinati vuto ndalipeza, ndi magetsi ochepa. Ndani akananditsutsa? Ife kuno chibadwire sitinaonepo magetsi okwanira. Wailesi ikamalira monong'ona timati batire latha. Babu ikamayaka mofiira timati mphamvu yachepa. Foni ikamachedwa kudzaza timati sola yafooka. Chinthu chamagetsi chikavuta, aliyense, kuyambira mwana mpaka abusa, mankhwala ake ndi amodzi, kuwonjezera moto.

Ndinayamba kusunga magetsi ngati ufa wa m'mwezi wa njala. Makasitomala a mafoni ndinkawabweza m'mawa kuti batire likhale lodzaza, ena n'kupita kwa mnzanga wa kutsidya kwa msewu osabweranso. Abambo ena okonza mawailesi pafupi ndi shopu yanga anandibwereka mita yawo yoyezera magetsi, n'kundionetsa poika tinsonga take tiwiri. Titayeza pa kabokosi paja tinapeza kuti faifi sakufika, akuperewera ndithu. Iwo anagwedeza mutu n'kuloza waya wautali uja, amvekere ukudya magetsi m'njira. Zinali zoona, ndipo ndinasangalala kuti tsopano ndili ndi mdani womuona ndi maso.

Panalinso nkhani ya tchalitchi. Batire langa ndi limene linkayendetsa zokuzira mawu Lamulungu lililonse. Achinyamata a kwaya ankabwera kudzalinyamula pa njinga m'mawa, n'kulibweza madzulo litatheratu, ndipo pa nyengo ya chiperoni linkatenga theka la sabata kuti lidzuke. Lamulungu lina ndinawakaniza. Ndinawauza chilungamo, kuti ndikulifuna pa ntchito ya kaseti ya achimwene. Bwenzi nditangonama kuti lawonongeka. Pofika Lachinayi ku msonkhano wa amayi, nkhani inali itafala yoti ndamana Mulungu batire chifukwa cha zidole. Mayi wina amene tinakulira limodzi anandikokera pambali n'kundilangiza mwachikondi kuti odwala amafuna mapemphero, osati magemu. Ndinamuyankha kuti pa miyezi yonseyi sindinamuonepo akubwera kudzawapempherera, ngakhale kudzanditungirako ndowa imodzi ya madzi. Mawuwo anali owona, koma sanandithandize kanthu, anangondichepetsera anthu ondipatsa moni.

Kunyumba achimwene ankandidikira pakhonde. Sankafunsa ndi pakamwa, ankangoyang'ana m'manja mwanga ndikamalowa pa mpanda, n'kubweza maso. Ndinawaikira magemu pa foni yanga yakale, koma galasi la foni silifuna mphamvu, ankangolipalasa ndi dzanja lamanzere, n'kuisiya. Ndinafukula kampira kena, anakakhalira. Kuzizira nako kunkachita zake. Dzanja lamanja ankalibisa m'jekete tsiku lonse, ndipo ndikalitulutsa kuti ndilitikite ndi mafuta, ankalibweza mwaukali. Ine ndinkafika nditatopa, msana ukuwawa, mutu uli ku kamzere kobiriwira, ndipo masiku ambiri sindinkalimbana nawo. Ndinkadziuza kuti kaseti ikabwera zonse zibwerera m'malo.

Waya wabwino ndinakaupeza ku Limbe, waufupi, wonenepa. Tsiku limenelo dzuwa linawala, batire linadzaza, mita inaonetsa faifi wathunthu, osaperewera ngakhale pang'ono. Ndinakhala pampando ngati munthu amene wakolola. Ndinalowetsa kaseti, kukanikiza, kamzere kanangoyamba n'kuima pomwepo. Ndinabwereza, pulogalamu inati sikuona kaseti iliyonse. Ndinaizula, kuipukuta mano ake ndi kathonje ka sipiriti, kuibwezera. Inaoneka, koma dzina la gemu linatuluka zilembo zosawerengeka. Zinthu zinali zitaipa kuposa pa waya woonda uja.

Ndinatseka shopu dzuwa lili pamutu, n'kukhala mkati ndekha. Sindinalire, ndinalibe mphamvu zake. Ndinangokhala nditagwira kaseti ija m'manja, ndipo inali yotentha. Si kuti ndinali ndisanaone zimenezi. Kuyambira tsiku loyamba inkatuluka m'kabokosi yofunda, ine n'kumati ndi chizindikiro choti ikugwira ntchito, monga foni imafundira ikamatchajidwa. Koma tsiku limeneli inali yotentha moti sindikanaiika patsaya.

Ndinabwereka kasikuludiraiva kwa abambo a mawailesi aja n'kuitsegula. Mkati munali kabolodi kobiriwira kosadzaza n'komwe chikhokhombe chake, ndi kachipu kamodzi kakuda kolembedwa manambala ang'onoang'ono. Ndinajambula n'kutumiza ku Joni, pamodzi ndi mawu amene sindingawabwereze pano, chifukwa msuweniyo ndi wamkulu kwa ine. Ataimba madzulo sanaseke monga mwa masiku onse. Anati wafufuza manambala aja, ndipo kachipu kameneko si ka makaseti akale, ndi ka masiku ano, kopangidwira mphamvu yochepa. Enieni akale aja ndi amene amadya faifi. Aka kamafuna 3.3, ndipo faifi amakawotcha pang'onopang'ono. Anati opanga ena amaikamo tizipangizo totsitsa mphamvu, koma awa anangosonkhanitsa mwachidule kuti agulitse.

"Ndiye kuti waya woonda uja unkatithandiza?" ndinamufunsa.

"Unkatithandiza, chemwali. Unkadyako magetsi asanafike."

Anapepesa kwambiri, kuti anayang'ana chikhokhombe osaganiza zoti tione kachipu ka mkati. Sindinamukwiyire. Ndikanamukwiyira bwanji, pamene ine ndemwe ndinabweza makasitomala, kuyambana ndi mpingo, kukwera minibasi mpaka ku Limbe, zonsezo kufunafuna moto wokwanira wowotchera chinthu chimene ndinkafuna kupulumutsa? Ndinangomva kutopa kwa mtundu wina, kumene sikutha ndi kugona.

Anandilangiza kuti ndiisiye kaseti izizire mpaka mawa, kenako ndikankhire kaswichi mbali inayo. Anandichenjeza kuti mwina tachedwa kale.

M'mawa mwake ndinakankha kaswichi kaja ndi chikhadabo. Kanangoti tha, basi. Ndinalowetsa kaseti, dzina la gemu linatuluka lowerengeka bwinobwino. Kamzere kanayenda osapunthwa mpaka kumapeto. Ndinabwereza, pulogalamu n'kunena kuti makope afanana. Ndinabwerezanso kachitatu chifukwa sindinkakhulupirira kanthu kalikonse nthawi imeneyo, afanananso. Nditaizula kaseti inali yozizira. Ntchito imene inandidyera nyengo yonse yachisanu inatha kasitomala mmodzi asanamalize kusankha nyimbo zake.

Kuthira m'kaseti yatsopano sikunavute. Kagemu ndinali nditabwera nako kushopu, ndiye ndinayesera pomwepo. Kanayimba kanyimbo kake, ndipo kamunthu kaja kanali chiimire pakhomo pa phanga lina lofiira, makiyi onse a achimwene ali m'thumba mwake, palibe chimene chinasowa. Ndinatseka shopu n'kuuyamba wa kunyumba, pafupifupi kuthamanga, ine mayi wamkulu, anyamata a kabaza akundifunsa ngati kwagwa zovuta.

Ndinawapeza pakhonde atafunda bulangete ngakhale kunja kunali kutayamba kutentha. Ndinangoyatsa kagemu n'kuwaikira pamwendo. Atamva kanyimbo kaja nkhope yawo inasintha, mbali yamoyo ya pakamwa inakwera. Anakatenga ndi dzanja lamanzere, kuyang'anitsitsa pagalasi, n'kugwedeza mutu kuti ndi pomwepo. Kenako anatulutsa dzanja lamanja m'bulangete.

Ndinali ndikuliona tsiku ndi tsiku dzanja limenelo powasambitsa, koma ndinali ndisanaliyang'ane. Zala zinayi zinali zitapindikira m'chikhatho, chala chachikulu chitalowa pansi pa zinzake. Anayesa kuchitulutsa ndi dzanja linalo, chinatuluka, n'kubwereranso chokha atangochisiya. Anachiika pa batani mokakamiza, mkono wonse ukunjenjemera mpaka paphewa, thukuta likutuluka pamphumi. Batani silinatsike. Anayesa ndi chibakera monga ankachitira poyamba paja, koma chibakeracho chinkakanikiza mabatani onse awiri pamodzi, kamunthu n'kumangodumpha pamalo amodzi. Kutsogolo kwake kunali dzenje lofunika kulidumpha chothamanga. Kanagweramo. Anayesanso, kanagweramonso.

Ndinayamba kulankhula zambirimbiri, kuti ndi kuzizira, kuti tikatikita ndi madzi ofunda chimasuka, kuti sabata yamawa tipita kuchipatala ku mafizo. Zina mwa zimenezo tinachitadi pambuyo pake, ndipo adokotala a mafupa anatiuza mosabisa kuti dzanja likapindika chotero kawirikawiri silibwerera pomwe linali. Koma tsiku limenelo achimwene sankandimvera n'komwe. Anakhala akuyang'ana pagalasi mpaka kanyimbo kanazungulira n'kuyambiranso. Ndinkadikira kuti kagemuko akaponye kubwalo, ndipo ndinali nditakonzeka kukatola.

Sanakaponye. Anasendera pang'ono pa benchi, kundisiyira malo kumanja kwawo.

"Khala apa," anatero. "Mbali iyi ugwire iwe."

Ndinakhala. Iwo anagwira kagemu ndi dzanja lamanzere, chala chili pa batani loyendetsera, ine ndinagwira mbali inayo, chala changa pa batani lodumphira. Dzanja lawo lamanja analibwezera m'bulangete. Anayendetsa kamunthu kubwerera m'mbuyo pang'ono, kenako kutsogolo chothamanga, ndipo katafika m'mphepete mwa dzenje anati, "Pano."

Ndinakanikiza mochedwa, tinagweramo tonse. Anapuma mozama, monga ankachitira ndili mwana akundiphunzitsa chinthu chimene iwo ankachiona chapafupi, n'kubwezeranso kamunthu poyambira.

Mpaka lero timasewera choncho ndikaweruka, madzi osamba asanatenthe. Phanga lofiira tinalidutsa, ndi ena awiri patsogolo pake. Supuni amagwirira kumanzere tsopano, ndipo lamba ndimawamangira ine.